Bondo, chishalo ndi liuma langa

Loweruka lina m'mwezi wa June chaka chatha ndidatsika njinga pakati pa chitunda chopita ku Ku Chawe, m'phiri la Zomba, n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu. Anyamata atatu amene ndidanyamuka nawo m'tauni adali atazimiririka kale pakona. Mayi wina amene ankatsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu adaima n'kundifunsa: "Kwagwanji bambo, tayala laphwa?" Ndidayankha kuti ayi mayi, ndikungopumako. Zoona zake n'zakuti bondo lakumanja linkalasa ngati wina akukhoma msomali pansi pa kafupa kapamwamba pa bondo kaja, ndipo ndinkaopa kuti ndikaimirira ndigwa.

Ndaganiza zolemba nkhaniyi chifukwa njinga zothamangira pamsewu, zija za matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, zayamba kuchuluka. Loweruka m'mawa mumsewu wa Zomba kupita ku Blantyre mumakumana ndi abambo ndi amayi a msinkhu wanga atavala zipewa zodzitetezera, ali wefuwefu. Ndikudziwa kuti ena mwa iwo akumva zomwe ndinkamva ine, koma angokhala chete.

Ine ndili ndi zaka 48 ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Zaka ziwiri zapitazo kuchipatala adandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, BP ija. Nkhaniyi idandisowetsa tulo, chifukwa bambo anga adafa ziwalo mbali imodzi kaamba ka nthenda yomweyi. Ndidawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zitatu mpaka tsiku lomwe adatisiya. Ana anga akadali pasukulu, wamng'ono ali Sitandade 5. Adokotala adandipatsa mankhwala, adandiuza kuti ndichepetse mchere, komanso kuti ndizilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuthamanga kudandikanika, mimba inkandilemera. Choncho ndidagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wina amene amaoda njinga zotere kunja.

Miyezi yoyamba zinthu zidayenda bwino. Ndinkachoka kunyumba mbandakucha, kukafika ku Thondwe n'kubwerera, kusamba, n'kupita kuntchito. Thupi lidapepuka, lamba ndidabweza mabowo awiri, BP nayo idayamba kutsika. Kenaka ndidadziwana ndi anyamata aja. Iwo akapalasa amafika ku Liwonde kapena ku Limbe n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo poti ankanditchula kuti madala, ndidafuna kuwaonetsa kuti madalawo akadali ndi mphamvu. M'mwezi umodzi wokha ndidachoka pa makilomita 50 pa sabata n'kufika pa makilomita oposa 150.

Bondo lidayamba kundichenjeza mwaulemu. Poyamba linkangonyong'onya ndikatsika njinga. Kenaka lidayamba kupweteka potsika masitepe a kuntchito, podzuka ndikakhalitsa pampando, ngakhale ponjuta kuchimbudzi. M'minibasi ndinkalimbirana mpando wakutsogolo kuti ndiwongole mwendo. Kutchalitchi anthu akamagwada ine ndinkangokhala, mpaka mkulu wina adandifunsa ngati pali chimene ndakwiya nacho.

Mankhwala ake ndidadzilembera ndekha. Ndinkagula bulufeni pagolosale, kumwa awiri ndisananyamuke ndi awiri pobwera. Mayi anga kumudzi atamva kuti ndikutsimphina adatumiza uthenga woti mwina ndaponda zinthu, ndipite akanditeme mphini. Mnzanga wa kuntchito adati ndi nyamakazi, ukalamba wafika, ndingovomereza. Mayi a kunyumba adalibe mawu ambiri. Tsiku la ku Ku Chawe lija, atandiona ndikulowa pageti ndikukankha njinga, adangoti: "Abambo, mudagula njingayi kuti mukhale ndi moyo wautali, kapena kuti tizikunyamulani? Igulitseni."

Usiku umenewo sindidagone. Ndikagulitsa njinga ndibwerera pampando paja, ndipo njira ya bambo anga ndikuidziwa kumene imathera. Ndikapitiriza ndiononga bondo. Lolemba ndidapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kupita kuchipatala.

Adokotala oyamba adaligwiragwira bondolo, kulipinda, kulikoka uku ndi uku, n'kunena kuti silidatupe, silikutentha, ndipo mitsempha yogwira mafupa ili bwino. Koma nditatchula za bulufeni nkhope yawo idasintha. Adandiuza kuti mankhwala a gulu limeneli, monga bulufeni, indosidi ndi diclofenac, munthu akamamwa kawirikawiri amatha kukweza BP, kufooketsa mphamvu ya mankhwala ena a BP, kuyambitsa zilonda za m'mimba komanso kuononga impso. Apa ndidazindikira kuti pofuna kutontholetsa bondo ndinkadzikumbira dzenje lomwe ndinkalithawalo. Atandiyeza, BP idapezeka kuti yakweranso. Adanditumiza kwa adokotala a mafizo.

A mafizowo adali mayi wachitsikana, mwina wamng'ono kwa ine ndi zaka 20. Funso lawo loyamba lidali lakuti ndiloze ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Ndidaloza kutsogolo, mozungulira kafupa kaja. Adati malo amene bondo likupweteka amanena zambiri kwa munthu wopalasa njinga, ngakhale kuti si nthawi zonse. Likamapweteka kutsogolo, kawirikawiri chishalo chimakhala kuti chatsika kwambiri kapena chasendera kutsogolo, apo ayi munthuyo akupalasa magiya olemera. Likamapweteka kuseri, m'khwapa mwa bondo muja, nthawi zambiri chishalo chakwera mopitirira ndipo mwendo ukuchita kunyanyamphira kuti ufike pansi. Likamapweteka m'mbali chakunja, umakhala mtsempha wautali wonga lamba umene umachokera m'chiuno n'kutsika m'mbali mwa ntchafu mpaka kunsi kwa bondo. Likamapweteka m'mbali chamkati, ndi bwino kuyang'ana momwe phazi lakhalira papedulo.

Adandifotokozera kuti kafupa kapamwamba pa bondo kamatsetsereka m'kangalande kamene kali kumapeto kwa fupa la ntchafu. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikamakoka kuti mwendo uwongoke, kafupako kamakanikizika m'ngalandemo. Bondo likakhala lopindika kwambiri pa nthawi imene ukukankha mwamphamvu, kukanikizikako kumakulanso. Kenaka adandiuza kuti ndiwerengere ndekha. Munthu wopalasa maulendo 80 pa mphindi amakhala atapinda bondo lililonse maulendo 4,800 pa ola. Ulendo wa maola atatu ndi maulendo 14,400. Kacholakwika kakang'ono, kosaoneka n'komwe, kakabwerezedwa kambirimbiri chonchi kamasanduka bala.

"Bambo, mawa mubwere nayo njingayo," adatero.

Mawa lake ndidaikweza pagalimoto ya mnzanga. Adandiimika chagada kukhoma ndili wopanda nsapato, adandipatsa buku lachikuto cholimba kuti ndilipane m'mphechepeche ngati chishalo, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Adapeza masentimita 84. Pali kawerengedwe kena kotchuka ndi dzina la Greg LeMond, katswiri wa ku America amene adapambana mpikisano wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Umatenga kutalika kwa mwendoko n'kuchulukitsa ndi 0.883, ndipo yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa chitsulo pamene mapedulo amazungulira kufika pamwamba pa chishalo. Kwa ine yankho lidali masentimita 74. Titayeza njinga yanga tidapeza masentimita 69. Chishalo changa chidali chotsika ndi masentimita 5 athunthu.

Manyazi adandigwira, chifukwa chishalocho ndidachitsitsa ndekha tsiku lomwe ndidagula njingayo. Tonsefe tidaphunzira njinga tili ana, pa njinga za abambo athu, mwendo titaupisa pansi pa mtanda. Titakula tidaphunzira kuti njinga yokukwana ndi imene ukakhala pachishalo mapazi onse awiri akuponda pansi. Paulendo wa kuchigayo zimenezi zilibe vuto. Paulendo wa maola atatu bondo limalipira. Pa njinga yokonzedwa bwino, ukaima umayenera kutsika pachishalo, kapena kungogunda pansi ndi zala za phazi limodzi.

A mafizo adandichenjeza kuti nambala ija ndi poyambira chabe, poti matupi athu ndi osiyana. Adandionetsa njira ina yosafuna tepi. Ukhale pachishalo wina atakugwirira njinga, uike chidendene papedulo, n'kuzungulitsa mpaka pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo uwongoke ndithu, koma chiuno chisapendekeke. Ukabweza phazi n'kuponda ndi kutsogolo kwake, pamene pali fupa la chala chachikulu, bondo limatsala lopindika pang'ono, madigiri apakati pa 25 ndi 35. Ngati munthu amene ali kumbuyo kwako akuona matako akugwedezeka uku ndi uku popalasa, ndiye kuti chakwera kwambiri.

Adatenganso ulusi, adamangirira kamwala, n'kuulendewetsa kuchokera kutsogolo kwa bondo pamene mapedulo adali mopingasa, ina kutsogolo ina kumbuyo. Kamwalako kamayenera kugwera chapafupi ndi pakati pa pedulo. Kanga kadagwera kutsogolo, chakuzala. Chishalo chidali chosendezedwa kutsogolo mpaka pomaliza, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti chishalo chimasendera kutsogolo ndi kumbuyo.

Panali funso limodzi limene linkandivutitsa: ngati vuto ndi chishalo, bwanji likupweteka lakumanja lokha, pomwe miyendo yonse imakwera njinga imodzi? Yankho lidapezeka m'nsapato. Potengera anyamata aja ndidagula pakaunjika nsapato za okwera njinga, zija zimene kunsi kwake kuli kachitsulo kokolekera papedulo. Tizitsulo timeneti tidamangidwa molingana ndi mapazi a mwini wake woyamba, amene sindimudziwa. A mafizo adandiuza kuti ndiyende pakhonde iwo akuonerera, ndipo adaona kuti phazi langa lakumanja limaloza kunja pang'ono, monga ndimayendera kuyambira ubwana. Nsapato ija inkalikakamiza kuloza kutsogolo ndendende. Phazi likamangidwa malo amodzi pomwe mwendo ukufuna kupotoka, kupotokako kumakathera m'bondo.

Adandiuzanso kuti ndiimirire ndi mwendo umodzi n'kunjuta pang'ono. Kumanzere ndidatha. Kumanja bondo lidagwera mkati ngati mzati wodyedwa ndi chiswe. Adati minofu ya m'matako ndi m'mbali mwa chiuno ndiyo imagwira ntchafu kuti isapotokere mkati, ndipo kwa anthu okhalitsa pampando kawirikawiri imakhala yofooka. Bondo lili pakati pa chiuno ndi phazi, choncho chilichonse mwa ziwirizi chikalakwitsa, lodandaula ndi bondo.

Chomaliza chidali chovuta kuvomera, chifukwa sichinkafuna sipanala. Adandifunsa giya imene ndimakwerera chitunda. Ndidayankha monyadira kuti ine magiya opepuka sindiwakhudza, ndimakwera ndi giya yolemera ngati mwamuna. Adaseka pang'ono n'kundifunsa kuti nanga amene adapanga njingayo adaikiranji magiya enawo. Pachitunda ndinkapalasa mwina maulendo 50 pa mphindi, thupi lonse litatsamira papedulo. Okwera njinga odziwa bwino amakonda kupalasa maulendo apakati pa 80 ndi 90 pa mphindi ndi giya yopepukirapo. Mtunda ndi womwewo, koma katundu amagawidwa m'timitolo ting'onoting'ono tambiri, ndipo ntchito yambiri imapita kumtima ndi m'mapapo, zomwenso ndi zimene adokotala a BP ankafuna. Ndikakumbukira bwino, anyamata aja miyendo yawo inkazungulira msangamsanga, ndipo ine ndinkawaseka mumtima kuti alibe mphamvu.

Adatinso minofu imazolowera ntchito msanga kusiyana ndi mitsempha ndi mfundo za mafupa. N'chifukwa chake munthu umamva kuti mphamvu zilipo, mpweya ulipo, pomwe bondo lisadakonzeke. Kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 150 m'mwezi umodzi kudali kusenzetsa mwana thumba la chimanga. Ambiri amatsatira lamulo loti pa sabata uziwonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa sabata yatha, osapitirira apo.

Kukweza chishalo kudakhala nkhani ina. Chitsulo chake chidali chitagwirana ndi dzimbiri. Amisiri ena okonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika adathira oilo, adachisiya usiku wonse, ndipo m'mawa mwake adachipotokola ndi chipaipi mpaka chidalola. Atamva chimene ndikufuna adandiyang'ana modabwa: "Bwana, mukweze chonchi, mukagwa musadzati ndife." Ndidawauza kuti akweze basi.

Apa ndidalakwitsanso. A mafizo adandiuza kuti ndizikweza pang'onopang'ono, sentimita imodzi kapena kucheperapo, ndiyende nayo masiku angapo, kenaka ndiwonjezere. Ine ndidaganiza kuti ngati 74 ndi mankhwala, 76 achiritsa msanga. Nditapuma masabata awiri monga adandiuzira, ndidakwera njinga chishalo chili m'mwamba, ndipo pasadathe masiku anayi kuseri kwa bondo kudayamba kukoka, kunsi kwa msana nako kuli waliwali. Ndidabwerera kwa a mafizo mutu uli pansi. Safunsa adadya phula, koma ine ndidafunsa, adandiyankha, phulalo n'kudyabe. Tidatsitsa kufika pa 71, ndipo zidanditengera mwezi ndi theka kuti ndifike pa 73 ndi theka, pamene ndidakhazikika mpaka lero. Pachitsulopo ndidalembapo ndi penti kuti wina akabwereka njinga ndizidziwa pobwezera.

Nsapato zija ndidaziika padera kwa miyezi itatu n'kubwerera ku mapedulo wamba. Pambuyo pake tidamasula kachitsulo ka kumanja n'kukapotoza kuti phazi likhale momwe limafunira. Madzulo aliwonse ndinkayala mphasa pabalaza n'kuchita mafizo amene adandipatsa: kugona chagada n'kumakweza chiuno, kugona cham'mbali n'kumakweza mwendo wapamwamba, kutsika sitepe imodzi pang'onopang'ono bondo lisakugwera mkati. Ana ankaseka mpaka misozi. Patapita masiku wamng'ono uja adayamba kundiwerengera, ndipo ndikafuna kuba amakuwa kuti adadi mwadumpha seveni.

Ululu sudachoke tsiku limodzi. Udayamba kuchepa pamasitepe, kenaka m'minibasi. Lamulungu lina m'mwezi wa September ndidangozindikira kuti ndagwada limodzi ndi anzanga osaganizako.

Ndisanamizepo munthu, si bondo lililonse limene lingachire ndi sipanala. Adokotala adandiuza zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala: bondo likatupa, likatentha kapena kufiira, makamaka thupi likamatenthanso, likamakanirira osawongoka kapena osapindika, likamagwa lokha poyenda, likamapweteka usiku munthu uli gone, kapena ululu ukayamba utagwa kapena kugundidwa. Pali nyamakazi ya kutha kwa mfundo, pali gauti, pali tizilombo tolowa m'mfundo, ngakhale TB imatha kugwira bondo. Zimenezi kukweza chishalo sikungazithetse, ndipo kuchedwa nazo kumapundula.

Kuyambira nthawi imeneyo maso anga amangothamangira pa maondo a aliyense wopalasa njinga. Amene amandimvetsa chisoni ndi anyamata a kabaza. Pali mmodzi amene amatenga mwana wanga kusukulu. Chishalo chake chidali pansi kwenikweni, maondo akufika pafupi ndi mahandulo, njinga ya giya imodzi, kumbuyo atanyamula munthu wamkulu kapena matumba a makala. Nditamufunsa adavomera kuti madzulo maondo amawotcha, ndipo amamwa indosidi pafupifupi tsiku lililonse. Ndidayamba kumulalikira zonse zimene ndidaphunzira, za kupuma masabata awiri ndi zina zotero. Adandimvetsera mwaulemu, kenaka adati: "Bwana, inu mukapuma malipiro amabwera. Ine ndikapuma ana adya chiyani? Komanso chishalo chikakwera, kasitomala akagwedezeka ndiponda bwanji pansi?"

Ndidasowa choyankha, chifukwa ankanena zoona. Ine njinga ndi mankhwala, iye ndi munda. Tidagwirizana zochepa zimene akadatha: kukweza chishalo masentimita awiri okha, kuponda pedulo ndi kutsogolo kwa phazi, kupopa matayala mokwanira ndi kuthira oilo tcheni kuti njinga isamalemere, kutsika n'kukankha pachitunda chachikulu, ndiponso kupita kuchipatala m'malo modalira mapiritsi a pagolosale. Akuti pali kusintha pang'ono. Kuchipatalako mpaka lero sadapite, akuti mzere wake umadya tsiku lonse la ntchito, ndipo ndimamukumbutsabe.

Kumapeto kwa October ndidabwerera ku chitunda cha Ku Chawe. Ndidanyamuka ndekha m'mamawa dzuwa lisadakwiye, ndidaika giya yopepuka kuposa zonse, ija ndinkati ndi ya ana, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mwala uja ndidaudutsa. Anyamata aja adandipeza chapamwamba, adandipatsa moni n'kundipitirira, ndipo ndidawasiya apite. Nditafika ndidagula sitiroberi kwa ana ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndidakhala pansi n'kudikira kuti ndimve ngati bondo linena kanthu. Lidangokhala duu.

Mankhwala a BP ndikumwabe tsiku lililonse, ndipo ulendo wapitawu adokotala adati manambala ali bwino. Kukazizira, monga nthawi ya chiperoni, ndimavala zofunda maondo ndipo mphindi 10 zoyambirira ndimapalasa mofatsa. Bondo likangoyamba kunyong'onya ndimachepetsa mtunda sabata imeneyo, osadikira kuti lichite kukuwa.

Sitiroberi zija ndidafika nazo kunyumba zitaphwanyika pang'ono m'thumba la malaya. Mayi a kunyumba adazilandira, adandiyang'ana miyendo mmene ndinkakwera masitepe a pakhonde, ndipo za kugulitsa njinga sadazitchulenso. Adangoti ndichotse njingayo pakhomo, ikutchinga njira.